Ululu wa pa marathon: woupirira ndi woimira pomwepo

Palibe munthu amene amathamanga makilomita 42 ndi mamita 195 osamva kuwawa, ngakhale katswiri wotani. Chofunika n'kudziwa kuti pakuwawa ndi pati, ndipo pakuwawa motani. Othamanga ambiri amakonda nkhani ya John Stephen Akhwari wa ku Tanzania, amene pa mpikisano wa marathon mu 1968 ku Mexico City anagwa n'kuvulala bondo ndi phewa, koma anatsimphina mpaka kulowa m'bwalo ali womaliza, ola lathunthu ndi mphindi zake zitadutsa Mamo Wolde wa ku Ethiopia atapambana kale. Nkhaniyi imalimbitsadi mtima. Koma Akhwari anali pa Olympics, achipatala anali m'njira ndipo anam'manga bandeji. Inu mukamathamanga nokha pa M1 pakati pa Ngabu ndi Bangula, wokuonani mwina ndi wakabaza basi.

Ululu umene umagwira pafupifupi aliyense umabwera cha pa kilomita ya 30. Miyendo imalemera, mutu umachita zii, ndipo liwiro limatsika ngakhale mukuyesetsa. Apa simunavulale. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi wokwanira kuthamangira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Akatha, limatembenukira ku mafuta, amene sapereka mphamvu msanga. Mankhwala ake n'kuyamba kudya njala isanafike. Kuyambira pa mphindi 40, lowetsani m'mimba magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye nthochi imodzi pa theka la ola yakwana. Kambatata kophika nakonso kamathandiza. Mzimbe ngwabwino pomaliza, osati m'njira, chifukwa kutafuna uku mukupuma wefuwefu kumatsamwitsa. Chilichonse chimene mudzadye pa tsikulo muyambe mwachiyesa pokonzekera, kuti m'mimba musadzakusokonezeni.

Kulemera kwa miyendo kuja kukakufikani ndithu, musaime chiriri ndipo musakhale pansi, minofu ikazizira kudzukanso kumavuta. Yendani mphindi imodzi, thamangani zinayi, mubwereze choncho. Zikakanika, werengani mapolo a magetsi: atatu kuthamanga, limodzi kuyenda. Munthu amafika ndithu mwa njira imeneyi, ndipo mendulo yake siyosiyana ndi ya anzake.

Kukokana kwa katumba kapena kuseri kwa ntchafu nakonso n'kopiririka. Kawirikawiri kumabwera chifukwa mnofu watopa kupyola pamene unazolowera, makamaka kwa amene anayamba ndi liwiro la anzawo. Ngati ndi katumba, patukani, tsamirani mtengo kapena khoma, mwendo wokokanawo muuponye kumbuyo chidendene chili pansi, muukoke pang'onopang'ono masekondi 20 kapena 30 osaugwedeza. Mukanyamuka, fupikitsani mapazi.

Matuza, kunyuka ndi zikhadabo zakuda ndi zinthu zazing'ono, koma zaimitsa anthu amphamvu. Nsapato za pa kaunjika zilibe vuto ngati mwazisankha bwino: muziyese madzulo phazi litatupa, mutavala sokosi zomwe mudzathamangire, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu. Muzitembenuze muone pansi pake. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, zisiyeni, zidzakupotozerani bondo. Nsapato yatsopano siyambira pa mpikisano. Pakani Vaseline m'mphechepeche, m'khwapa ndi pakati pa zala, ndipo abambo amate pulasitala pa nsonga za mabere, chifukwa malaya onyowa ndi thukuta amapala mpaka magazi. Kamchenga kakalowa m'nsapato, imani muchotse nthawi yomweyo. Masekondi 30 amenewo ngochepa poyerekeza ndi kuthamanga makilomita 15 pa chilonda.

Pali vuto lina limene ndi lathu ife a kuchigwa cha Shire tikapita kukathamanga ku Blantyre. Kuno n'kwafulati, ndipo tili m'munsi kwambiri: Nsanje siifika mamita 100 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili cha pa mamita 1,000 ndipo misewu yake ndi zitunda zokhazokha. Chikweza chimathetsa mpweya, koma chowononga miyendo ndi mtsetse. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo ngati sinazolowere imang'ambikang'ambika pang'ono mkati. Ena amamva kubaya kunja kwa bondo, kumene kumakula akamatsetsereka n'kuchepa akamayenda. Kumeneku mutha kumaliza nako mukafupikitsa mapazi ndi kuyenda m'mitsetse. Koma nzeru n'kukonzekeratu: kamodzi pa sabata pitani pa Thabwa mukakwere ndi kutsika chikweza cha ku Blantyre, m'mawa magalimoto asanachuluke, kapena a ku Nsanje mulowere njira ya ku Chididi. Mtunda wa pa sabata muziuwonjezera pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Ulendo wautali kwambiri, wa makilomita 30 kapena 32, ukhale kutatsala masabata atatu, kenako muzichepetsa.

Tsopano ululu umene sufuna kulimba mtima. Ngati pa msongolo kapena pamwamba pa phazi pali malo amodzi oti mutha kuwaloza ndi chala chimodzi, mukadina pafupa mukumva kubaya, ndipo kudumpha ndi mwendo umenewo kukukanika, fupalo likhoza kukhala kuti lachita mng'alu. Mng'alu wotere umapola m'masabata 6 mpaka 8 munthu akapuma. Akauthamangira, fupa limatha kuthyokeratu. Mukamva ngati wina wakumenyani ndi mwala kuseri kwa kakolo, mutacheuka palibe munthu, ndipo kuima ndi zala kukukanika, ndiye kuti mtsempha waukulu wa chidendene waduka. Bondo likatupa, likamakana kuwongoka kapena likamagwa lokha, imani. Chimodzimodzi kuwawa kapena kuthina pachifuwa. Muyeso wosavuta ndi uwu: ululu umene ukukula pa kilomita iliyonse n'kukusinthitsani kapondedwe mpaka kutsimphina, umenewo wakuuzani kale kuti mpikisano watha.

Chimene ndimachiopa koposa zonsezi ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40. N'zoona kuti matupi athu anazolowera, pamene wochokera kozizira amafunika masiku 10 mpaka 14 kuti azolowere. Koma kuzolowera kuli ndi malire, ndipo kudzidalira n'kumene kumagwetsa anyamata amphamvu. M'miyezi imeneyi ulendo wautali uyambe 4 koloko m'bandakucha, pofika 8 koloko mukhale mutamaliza. Kutentha kwa mkati mwa thupi kukadutsa madigiri 40, ubongo umayamba kusokonekera: munthu amadzandira, amayankha zosagwirizana ndi funso, amakwiya popanda chifukwa, mwina n'kukomoka. Musadikire kuti thukuta liume, chifukwa ambiri amakhala akadali thukuta kamukamu. Choopsa n'chakuti mwini wake sadziwa, amangokakamira kuti ndimalize. Mnzake ndiye amuimitse, ngakhale atukwanidwe.

Wotereyu amafunika kumuziziritsa kaye, galimoto ikubwera. Mugonekeni pamthunzi, m'vuleni malaya ndi nsapato, muzimuthira madzi thupi lonse osalekeza, ndowa ndi ndowa za pa mjigo, wina akumukupiza. Zitenje zonyowa muzisintha pafupipafupi, chifukwa chikakhalitsa pathupi chimafunda. Ngati pafupi pali wogulitsa mafiriziz kapena nsomba za mu ayisi, tengani ayisiyo muike m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mphindi 30 zoyambirira n'zimene zimapulumutsa moyo. Wosokonezeka mutu musam'mwetse kanthu, angatsamwe. Ndipo musathamangire naye ku Shire, kuli ng'ona.

Za madzi, kumwa mochepa n'koipa, kumwa mopyola nakonso kumapha. Madzi okhaokha akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi, munthu n'kuyamba mutu, kusanza, zala kutupa, mpaka kukomoka, ndipo zimagwera kwambiri othamanga pang'onopang'ono amene amamwa pa tebulo lililonse la madzi m'njira. Ambiri amakwanira ndi mamililita 400 mpaka 800 pa ola. Kuti mudziwe muyeso wanu, kwerani sikelo musananyamuke ndiponso mutathamanga ola limodzi osamwa kanthu. Kilogalamu imodzi imene yatsika ndi lita imodzi ya thukuta. Botolo limodzi likhale la Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Chizolowezi chomeza Brufen kapena diclofenac mpikisano usanayambe chitheretu. Munthu akamathamanga padzuwa, magazi opita ku impso amakhala atachepa kale, ndipo mapiritsi amenewa amawachepetsanso, kuwonjezera apo amapala m'mimba. Amabisanso ululu umene ukanakuchenjezani za fupa. Kuno malungo ndi osasowa, ndiye ngati thupi latentha sabata ya mpikisano, kayezetseni magazi. Wopezeka nawo, kapena amene wangomaliza kumene LA, mpikisano umenewo aulole upite. Magazi ake amakhala atachepa, ndipo thupi lotentha kale silichedwa kupsa padzuwa.

Mukadutsa mzere womaliza musagone pansi nthawi yomweyo, yendani mphindi 10 kuti chizungulire chisakugwetseni. Imwani thobwa kapena ORS pang'onopang'ono, ndipo mudye ola lisanathe. Tuza losaphulika lisiyeni. Lophulika litsukeni ndi sopo, khungu lake osalichotsa, muphimbe. Ntchafu zidzawawa kwambiri pa tsiku lachiwiri, kutsika masitepe kudzakhala ntchito, koma zimenezo zimatha zokha pasanathe sabata. Choti muchiyang'anitsitse ndi mkodzo woyamba ndi wachiwiri. Wachikasu kwambiri ukutanthauza kuti muwonjezere kumwa. Ukatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikuwawa modabwitsa kapena yatupa, kapena maola 6 adutsa osakodza ngakhale mukumwa, musanene kuti ndi likodzo lakale lija. Minofu yowonongeka imatulutsa zinthu zimene zimatseka impso. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze kuti mwathamanga makilomita 42 komanso mapiritsi alionse amene munamwa.