Lolemba la Kalektar garu ku Hanamkonda

Ndinakwera sitima ku Secunderabad m'mawa wa Lolemba kupita ku Warangal, m'chigawo cha Telangana ku India. Cholinga chinali kukaona kachisi wa ku Hanamkonda, uja amati wa mizati 1,000, amene mafumu a Kakatiya anamanga m'zaka za m'ma 1100. Mnzanga wa komweko ndiye anali wondiperekeza.

Titatsika tinakwera kanjinga ka mawilo atatu kamene iwo amati auto. Tisanafike kukachisi tinadutsa pageti pena pamene panali anthu pikitipikiti: agogo ovala nsalu zoyera, amayi atafumbata mapepala m'majumbo apulasitiki, ena atakhala pansi pamthunzi. Ndinafunsa ngati kuli maliro. Dalaivala anangoloza ndi chibwano n'kunena kuti, "Kalektar garu."

Garu ndinali nditamuzolowera kale. M'Chitelugu, chilankhulo cha komweko, amamuika kumapeto kwa dzina polemekeza, monga ife timaikira "a" kutsogolo. Koma Kalektar? M'mutu mwanga munabwera munthu wotolera matikiti pakhomo. Mnzanga anaseka mpaka kugwira chitsulo cha auto.

Kalektar ndiye mkulu wa boma lonse, ngati bwana DC kwathu. Mawuwa ndi Collector wa Chingelezi uja, ndipo muzu wake ndi colligere wa Chilatini, kutanthauza kusonkhanitsa. Udindowu unayamba mu 1772 ku Bengal, kum'mawa kwa India, m'nthawi ya bwanamkubwa wa Chingelezi Warren Hastings, ndipo ntchito yake inali kutolera msonkho wa malo. Chitelugu chili nawo mawu akeake a munthu waudindo, adhikari, koma pofuna kutchula mkulu ameneyu anthu amangoti Kalektar, n'kumulemba m'zilembo zawo zozungulirazungulira zija. Mnzanga akuti agogo ake sanaganizepo kuti mawuwa ndi achilendo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anthu a pageti aja sanabwere kudzakhoma msonkho. Lolemba kumakhala Prajavani, kutanthauza mawu a anthu, tsiku limene aliyense amabwera ndi dandaulo lake lolemba: malire a munda, penshoni yochedwa, nyumba. Wosonkhetsa uja tsopano akusonkhanitsa madandaulo.

Apa m'pamene ndinakumbukira za kwathu. Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lathu m'zaka za m'ma 1890, azungu oyang'anira maboma ankatchedwanso ma Collector, ndipo msonkho wa nyumba ndiwo unali ntchito yawo yaikulu. Kwathu dzinalo linafa, pambuyo pake kunabwera DC. Ku Telangana lidakalipo, ndipo lapatsidwa ndi ulemu womwe.

Tinaima pagetipo mwina theka la ola, ine ndikungoyang'ana agogo ena akuwongola pepala lawo pabondo mobwerezabwereza. Kukachisi tinafika dzuwa lili paliwombo. Nsapato amavula polowa, ndipo miyala inali itatentha moti mizati ija sindinaiwerenge n'komwe.