Kuphunzira Chingerezi Uli Wamkulu ku England: Kalasi Iti, pa Cholinga Chiti?

Munthu amene anakhoza Chingerezi pa mayeso a MSCE amadabwa akafika ku Leeds kapena Liverpool n'kupeza kuti sakumva zimene dalaivala wa basi akunena. Kalata amawerenga bwinobwino, fomu amadzaza, koma foni ya kuchipatala ikalira thukuta lili kamukamu. Vuto la Amalawi ambiri lili m'khutu ndi pakamwa, pomwe mnzawo wochokera ku Syria kapena Eritrea mwina akuyamba ndi zilembo zenizenizo. Onsewa amakumana m'makalasi a ESOL, a Chingerezi cha anthu olankhula zilankhulo zina, ndipo amene sadziwa pomwe pali vuto lake amataya chaka chathunthu m'kalasi yosamuyenera.

Makalasiwa ali pamagawo asanu: Entry 1, Entry 2, Entry 3, Level 1 ndi Level 2. Pa muyezo umene boma limagwiritsa ntchito pa nkhani za viza, Entry 1 ndi A1, Entry 2 ndi A2, Entry 3 ndi B1, ndipo Level 1 ndi B2. Musanapatsidwe kalasi amakuyesani kaye: kucheza pang'ono ndi mphunzitsi, kuwerenga ndime, ndi kulemba ziganizo zingapo. Apa pamafunika kulankhula momasuka. Ulemu wathu wa kwathu, woyang'ana pansi n'kumayankha mawu amodziamodzi, woyesayo amauona ngati kusadziwa, ndiye munthu wolemba bwino amaikidwa ku Entry 1 kukaphunzira mayina a masiku a sabata. Muuzeni mphunzitsiyo mosabisa kuti, "Kulemba ndimatha, chimene chikundivuta ndi kumva anthu akamalankhula mwachangu." Makoleji ambiri amalola munthu kukhala pagawo lina pa kulankhula ndi lina pa kulemba.

Malo ophunzirira alipo amitundu iwiri. Kuli makoleji ndi nthambi za maphunziro a akuluakulu za makhonsolo, kumene kuli mayeso ndi satifiketi. Amalembetsa kwambiri kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, malo amadzaza msanga, ndipo wochedwa amadikira mpaka Januwale. Wosagwira ntchito kapena wolandira malipiro ochepa angaphunzire osalipira, koma zimadalira mtundu wa viza ndi dera limene akukhala. Wopempha chitetezo amaloledwa akadikira yankho miyezi 6. Tengani pasipoti, umboni wa viza, kalata yosonyeza adiresi ndi mapepala a malipiro. Kenako kuli makalasi a m'dera, a ku laibulale, kutchalitchi, kumzikiti kapena a bungwe lophunzitsa akuluakulu la WEA. Ambiri mwa awa amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, mapepala safunsa kwenikweni, ena amalola kubwera ndi mwana. Ena amawaderera chifukwa ambiri sapereka satifiketi, koma kwa munthu amene vuto lake ndi khutu, ola limodzi locheza ndi gogo wobadwira m'tauniyo limaposa maola atatu a galamala.

Pali msampha umodzi umene wadyetsa anthu ndalama. Satifiketi ya ESOL ya ku koleji si imene Home Office, nthambi ya boma yoona za viza, imafuna pa viza kapena pa unzika. Amafuna mayeso otchedwa SELT, olembedwa pamalo ovomerezeka a mabungwe monga Trinity College London, Pearson kapena LanguageCert, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2. Ngakhale Chingerezi ndi chilankhulo cha boma ku Malawi, dziko lathu silili pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake sizilemba mayesowa. Wobwera pa viza ya banja amafunika A1 polowa, A2 powonjezera viza pakatha zaka ziwiri ndi theka, ndi B1 pofunsira chilolezo chokhazikika. Amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi angaitsimikizitse kudzera ku Ecctis, bungwe lotsimikiza mapepala a maphunziro, m'malo molemba mayeso. Malamulowa amasinthasintha, choncho onani pa GOV.UK musanalipire kalikonse. Life in the UK ndi mayeso ena apadera, a mbiri ndi chikhalidwe cha ku UK, ofunika pofunsira chilolezo chokhazikika kapena unzika: mafunso 24, mphindi 45, ndipo pamafunika kukhoza 18.

Mayeso a B1 a Trinity amatenga mphindi 10 zokha. Theka loyamba mumakamba nkhani imene mwasankha nokha, mutalemba mfundo zisanu pa fomu. Theka lachiwiri woyesa amasankha zocheza, monga zikondwerero, mayendedwe kapena nyimbo. Anthu amagwa pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuloweza. Woyesa akangomva kuti mukulakatula, amakudulani ndi funso, ndipo woloweza amasowa pogwira. Chachiwiri ndi kusafunsa. Mumayenera kumufunsa woyesayo funso, zomwe kwa munthu woleredwa kuti wamkulu safunsidwa zimamveka ngati chipongwe. Sankhani nkhani imene mungaikambe ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku: ntchito yanu, mudzi wanu, munda wa amayi anu. Muikemo zakale, zatsopano ndi zam'tsogolo, chifukwa akumvetsera ngati mukutha kusintha nthawi za aneni.

Za katchulidwe, uzani mphunzitsi zimene Chichewa chimatichititsa, popeza aphunzitsi ambiri sanakumanepo nacho. Tili ndi mavawelo asanu, pomwe Chingerezi cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20, n'chifukwa chake ship ndi sheep, kapena staff ndi stuff, zimatimvekera chimodzimodzi. L ndi r timazisinthanitsa osazindikira. Timawonjezera vawelo kumapeto kwa mawu. Ndipo poti "iye" ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, he ndi she zimasokonekera, chinthu chimene pantchito yosamalira okalamba chingachititse kuti lipoti la munthu wina limveke ngati la wina. Koopsa kwambiri ndi pa manambala: fifteen ndi fifty, pa mlingo wa mankhwala kapena nthawi ya basi. Njira yake ndi yosavuta. Lembani mawu awiriawiri ofanana, mapeya 10, mudzijambule pa foni mukuwatchula, mawa lake mumvetsere osayang'ana pepala n'kulemba zimene mwamva. Pomwe mwalephera kudzimva nokha ndi pomwe mzungu akulepheranso kukumvani.

Tiwerengerenso nthawi, chifukwa ambiri amagwa ulesi akaona kuti sakusuntha. Kuchoka pa A2 kufika pa B1 kumatenga maola pafupifupi 200 a kuphunzira. Kalasi ya maola awiri pa sabata, kwa masabata 36, imapereka maola 72 pa chaka. Kudalira kalasi yokha ndiye kuti zaka zitatu. Maola otsalawo amachokera kunja: wayilesi ya BBC ya m'dera lanu pophika, kuti khutu lizolowere kalankhulidwe ka komweko; kuimba nokha foni kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) m'malo motuma mwana; kulemba m'kope ziganizo zathunthu zimene mwamva kuntchito, osati mawu amodziamodzi, n'kupita nazo m'kalasi kukafunsa.

Amene mumagwira mashifiti, kambiranani ndi abwana musanalembetse kuti tsiku la kalasi lizikhala lopuma. Makoleji amachotsa dzina la wojomba masabata angapo motsatizana, ndipo malowo amapatsidwa kwa wina amene ali pamzere. Ngati shifiti yagundana ndi kalasi, tumizani uthenga kwa mphunzitsi tsikulo lisanafike, mupemphenso mapepala a phunzirolo.