Mwafika Bwanji M'khothi Limeneli?

Pepala langa linabwera lili ndi mawu anayi okha a inki yofiira m'mphepete: "Mwafika bwanji m'khothi limeneli?" Malikisi panalibe. Funso lomwe aphunzitsi anatipatsa linali la kampani yolembetsedwa m'dziko lina, yokhala ndi fakitale m'dziko lachiwiri, yomwe makina ake anavulaza munthu wa dziko lachitatu. Ine ndinadzaza masamba anayi kufotokoza malamulo a dziko limene woweruza ayenera kutsatira. Ndinayambira pamene woweruza wakhala kale pampando, loya wavala kale mkanjo wake. Zoti wovulalayo akhoza kubwezedwa pakhomo asanatsegule n'komwe pakamwa sizinandifike m'mutu.

Phunziroli amalitcha private international law, ena amati conflict of laws, ndipo dzinali limasocheretsa. Si nkhani ya maboma kulimbirana malire ayi. Ndi milandu ya anthu wamba ndi makampani, ya ngongole, ukwati, ngozi, chuma cha masiye, koma yoti mwendo wina uli m'dziko ili, wina uli m'dziko lina. Malamulo akenso ambiri si a dziko lonse lapansi. Dziko lililonse lili ndi akeake. Tsiku loyamba lomwe amakuuza kuti uloweze mafunso atatu: mlandu ukazengedwe m'khothi la dziko liti, woweruza atsatire malamulo a dziko liti, ndipo chigamulo chikatuluka, kodi dziko lina lichilemekeza? Ine mtima unagwera pa lapakatilo, poti ndi lomwe limakoma kuwerenga. Savigny wa ku Germany analemba mu 1849 kuti nkhani iliyonse ya pakati pa anthu ili ndi pamene imakhala, kwawo kwenikweni, ndipo ntchito ya woweruza ndi kupeza malowo basi, osakondera malamulo a dziko lake. Zinkandikomera ngati masamu.

Inki yofiira ija inanditumiza ku mlandu wa Vedanta ndi Lungowe. Anthu 1,826 a m'midzi yoyandikana ndi Chingola ku Zambia anasuma ku London mu 2015, akudandaula kuti zoipa zochokera ku mgodi wa kopa wa Nchanga zinaononga madzi omwe amamwa ndi kuthirira mbewu. Mgodiwo unkayendetsedwa ndi Konkola Copper Mines, kampani ya ku Zambia, koma mwini masheya ambiri anali Vedanta Resources, yolembetsedwa ku England. Nkhani inakwera makhothi atatu mpaka khothi la Supreme la United Kingdom linagamula pa 10 Epulo 2019. Zaka pafupifupi zinayi zonsezo palibe amene anagamula ngati madziwo anaipadi kapena ayi. Ankangokangana za komwe mlanduwo ukamvedwe.

Chigamulo cha Lord Briggs, woweruza wa khothi la Supreme, ndinachiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba ndinayesa kuti ndalumpha tsamba. Iye akuvomera poyera kuti kwawo kwa mlanduwu ndi ku Zambia. Mgodi uli komweko, mitsinje ili komweko, mboni zambiri zili komweko, malamulo oweruzira ndi a Zambia, ndipo Vedanta inali itanena kuti ndi yokonzeka kukaonekera m'makhothi a kumeneko. Ukafika pamenepo umangoti basi, anthuwa abwezedwa. Kenako nkhani ikutembenuka. Odandaulawo ndi osaukitsitsa, thandizo la maloya a boma sakanalipeza, lamulo la ku Zambia silinkalola loya kugwira ntchito mogwirizana kuti adzalipidwa mlandu ukapambana, ndipo panalibe gulu la maloya lokhala ndi mphamvu zonyamula mlandu waukulu chonchi, wofuna akatswiri a sayansi, molimbana ndi kampani yolemera. Anachita kunenetsa kuti sakukayikira luso kapena chilungamo cha oweruza a ku Zambia. Vuto linali loti anthuwo sakanafika n'komwe pamaso pa oweruzawo ali ndi wowaimirira. Mlandu unatsala ku London, ndipo mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khothi, kampani osavomera kulakwa.

Khomo litangotseguka, mlandu unatha. Maloya a makampani akamamenya nkhondo zaka zinayi pa funso la khothi sachita zimenezo chifukwa chokonda mabuku. Amadziwa kuti mlandu wobwezedwa nthawi zambiri umafera m'njira. Akuluakulu amati mlandu suola, koma wa munthu wopanda loya umaola ndithu.

Pali china chimene chimandivutabe mumtima pa chigamulochi, ngakhale ndikugwirizana nacho. Khothi la dziko lina likuika pasikelo mmene chilungamo chimayendera kwa eni ake, ndipo ngakhale lilankhule mwaulemu chotani, fungo la kudzikweza silitheratu. Komanso mlandu waukulu uliwonse umene wapita ku London ndi mlandu umene makhothi a kwawo sanaphunzirepo kanthu, malamulo awo osakula nawo. Koma ukaganiza za mayi amene akutunga madzi omwewo, sungamuuze kuti adikire kaye makhothi akule.

Milandu yotere yachuluka. Mu Febuluwale 2021 khothi la Supreme lija linalola anthu a ku Ogale ndi Bille ku Nigeria kupitiriza mlandu wawo wa mafuta otayikira ndi Shell. Masabata awiri m'mbuyo mwake khothi la apilo ku The Hague ku Netherlands linali litagamula mokomera alimi a ku Nigeria, likuweruza ndi malamulo a Nigeria. Mlandu wa damu la Fundão ku Brazil, lomwe linaphulika mu Novembala 2015 n'kupha anthu 19, unayamba kumvedwa ku London mu Okutobala 2024, odandaula oposa 600,000, malamulo ake a Brazil. Funso langa lokondedwa lija, la malamulo a dziko liti, m'milandu yonseyi silinali pamene pankamenyedwera nkhondo yeniyeni.

Brexit, kutuluka kwa United Kingdom mu European Union, inasinthanso khomo. Nthawi ya mlandu wa Lungowe, lamulo la European Union linkati kampani ikhoza kusumiridwa kumene inakhazikika, ndipo chigamulo cha Owusu cha 2005 chinaletsa woweruza wa ku England kukana mlandu wotere ponena kuti kwina n'kwabwinopo (izi zinkakhudza Vedanta, osati Konkola ya ku Zambia). Pa 31 Disembala 2020 chitetezo chimenecho chinatha. Mfundo yakale ya forum non conveniens, yolola woweruza kubweza mlandu ngati kuli khothi lina loyenererapo, ya mlandu wa Spiliada wa 1986, inabwerera ndi mphamvu zake zonse. Tinaziona pa mlandu wa ogwira ntchito ochokera ku Nepal ndi Bangladesh omwe ankagwira m'mafakitale a ku Malaysia opanga zipangizo za kampani ya Dyson, n'kukasuma ku England. Khothi lalikulu mu 2023 linati apite ku Malaysia. Khothi la apilo mu Disembala 2024 linatembenuza, likuyang'ana kwambiri kusiyana kwa mphamvu ndi ndalama pakati pa mbali ziwirizo.

Ndinalembanso yankho langa, ulendo uno masamba awiri athunthu pa nkhani ya khothi. Linabwera ndi mawu ena ofiira pansi penipeni: "Mwapambana. Ndalama mukazitenga kuti?"

Ndinaseka ndekha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chigamulo cha khothi mphamvu zake zimathera pamalire a dziko. Ngati wogonja chuma chake chili kwina, uyenera kunyamula pepalalo kukapempha khothi la kumeneko kuti lilivomereze, ndipo likakana, wayambiranso. Chodabwitsa n'chakuti chigamulo cha arbitration, cha oweruza apadera osankhidwa ndi eni mkangano, chimadutsa malire mosavuta kuposa cha jaji wa boma, chifukwa pangano la New York la 1958 lili ndi mayiko oposa 170. Pa zigamulo za makhothi dziko lapansi lakhala likulephera kumvana.

Bungwe la HCCH la ku The Hague, kumene mayiko amakonzera mapangano a nkhani zotere, lomwe misonkhano yake inayamba mu 1893 ndi khama la Tobias Asser, linayesa mu 1971. Panganolo linangolowedwa ndi mayiko owerengeka pa zala za dzanja limodzi, mwa zina chifukwa linkafuna kuti mayiko awiriawiri asainiranenso mgwirizano wina pamwamba pake. Mu 1992 United States inapempha kuti ayesenso, ulendo uno pangano lalikulu lokhudza zonse ziwiri, khothi loyenera kumva mlandu ndi kulemekeza chigamulo. Pofika 2001 zinali zitakanika. America ndi Ulaya sankamvana pa zifukwa zimene khothi lingakokere munthu wakunja pamaso pake. Anapulumutsapo kachigawo kamodzi, pangano la 2005, loti ngati amalonda anasankhiratu khothi m'kontrakiti yawo, chisankhocho chilemekezedwe. Kenako pa 2 Julayi 2019 anamaliza pangano la zigamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Sepitembala 2023 pakati pa Ukraine ndi European Union, kupatula Denmark. Uruguay inatsatira mu 2024. United Kingdom, yomwe inapempha kulowa pangano la Lugano (la zigamulo pakati pa EU ndi mayiko ena a ku Ulaya) itatuluka mu EU koma osaloledwa, inalowa ili ndipo linayamba kugwira kumeneko pa 1 Julayi 2025. Walira mvula walira matope. United States inasaina mu 2022, koma kusaina ndi kwina, kuvomereza mwalamulo ndi kwina.

Usiku wina ndinakhala ndi Gawo 5 la pangano la 2019 lija, pensulo m'manja. Lili ndi zifukwa 13 zimene zimapatsa chigamulo chiphaso chodutsira malire: wogonjayo ankakhala m'dzikolo, kapena ndi iye anayambitsa mlandu, kapena anavomera khothilo, kapena ntchito ya m'kontrakiti inayenera kuchitikira kumeneko, ndi zina zotero. Poyamba ndinkawerenga ngati likuuza makhothi milandu imene ayenera kulandira. Ayi. Khothi lililonse lizilandirabe milandu motsatira malamulo a kwawo. Panganoli limangonena zigamulo zimene anzawo adzakakamizike kuzilemekeza. Ndiye kuti funso lomwe linadya zaka zinayi za anthu a ku Chingola analilambalala dala, poti ndi lomwelo linagwetsa zokambirana mu 2001. Mu 2021 HCCH inakhazikitsa gulu loti likambirane chigawo chimodzi chokha cha funsoli, cha milandu yofanana yomwe ikuzengedwa m'mayiko awiri nthawi imodzi.

Chifukwa china m'Gawo 5 ndinachizunguliza ndi pensulo. Pa milandu ya imfa, kuvulala kapena kuonongeka kwa katundu, chigamulo chimadutsa ngati chimene chinavulaza munthucho chinachitikira m'dziko la khothilo, posatengera kumene wovulalayo anamvera ululu. Fakitale ikhale tsidya lino la mtsinje, odwala akhale tsidya linalo m'dziko lina: akasuma kwawo n'kupambana, chifukwa chimenechi sichiwathandiza. Lamulo la EU la Rome II, pa funso la malamulo oweruzira, limalola woonongeredwa chilengedwe kusankha pakati pa kumene zoipa zinachokera ndi kumene zinagwera. Pangano la 2019 silinafike pa mtima wotero. Linasiyanso kunja nkhani za banja, za umwini wa luso, za kuipitsa mbiri, za makampani ogwa. Ndipo Gawo 29 limalola dziko kukana kuti panganoli ligwire ntchito pakati pa ilo ndi dziko lina limene silikhulupirira makhothi ake. Nkhawa imeneyi si yongopeka. Gary Born, loya wodziwika pa arbitration, analemba mu 2021 kuti mayiko asalowe pangano la 2005, poopa kukakamizidwa kulemekeza zigamulo za makhothi a ziphuphu. Ine ndikuona kuti anapyola muyeso, ndipo munthu wa arbitration akamadzudzula njira yopikisana nayo umamvetsera khutu limodzi. Koma Gawo 29 likuonetsa kuti maboma nawo mantha omwewo ali nawo.

Nditadutsa m'zimenezi mpamene zolemba za Horatia Muir Watt wa ku Sciences Po zinayamba kumveka. Iye wakhala akunena kuti phunziroli limadzitama kuti silitenga mbali, chonsecho malamulo ake osatenga mbaliwo ndi omwe alola makampani aakulu kusankha malamulo owakomera, kugawa ntchito zawo m'timakampani ta m'mayiko osiyanasiyana, n'kusiya ngongole ya zoonongeka kumene kulibe woilipiritsa. Miyezi itatu yapitayo ndikanati ndi ndale chabe. Funso lapakati lija, la malamulo oweruzira, nalo likuyenda ndithu: mfundo za HCCH za 2015 zokhudza kusankha malamulo a kontrakiti Paraguay inazisandutsa lamulo chaka chomwecho, ndipo Jan Neels wa ku Johannesburg anakonza mfundo zofanana nazo zoganizira mayiko a mu Africa. Koma zimenezo ndi za amalonda okhala ndi maloya mbali zonse.

Sabata ino tafika pa ndalama za pa intaneti, ndipo Savigny akanagwira mutu. Lamulo lakale limati umwini wa katundu umaweruzidwa ndi malamulo a kumene katunduyo ali. Nanga Bitcoin ili kuti, poti kaundula wake ali pa makompyuta ambirimbiri m'mayiko onse nthawi imodzi? Khothi la ku London pa mlandu wa Ion Science mu 2020 linati tiyese kuti ili kumene mwini wake anakhazikika. Mfundo za 2023 za UNIDROIT, bungwe la mayiko logwirizanitsa malamulo, zikuti muyambe mwaona malamulo amene atchulidwa m'katundu mwiniyo kapena m'dongosolo lake, zomwe n'zabwino kwa katundu wa m'tsogolo, koma Bitcoin sitchula dziko lililonse. Mu 2022, pa mlandu wa D'Aloia, khothi linalola kuti samani iperekedwe kwa akuba osadziwika poiponya ngati NFT, kachizindikiro ka pa kompyuta kotumizidwa ngati ndalamazi, m'chikwama chawo cha pa intaneti. M'kalasi tinaseka. Koma pa mndandanda wa osumiridwa, pansi pa anthu osadziwikawo, panali makampani osinthitsa ndalamazi kumene zobedwazo zinadutsira, iliyonse ndi dziko limene inalembetsedwa. Loya wa wodandaulayo anali ataganizira kale kumene akazitenge.