Magalimoto owuluka aja ali kuti?

Usiku wathawu tulo tinandithawa ndiye ndinangoyamba kuganiza za nkhani ndi mafilimu aja opeka za sayansi, olosera zakutsogolo aja. Kodi olemba nkhani zimenezi amalasadi kapena timangowakometsera?

Tengani Jules Verne, mlembi wa ku France uja. Mu 1865 analemba nkhani ya anthu atatu opita ku mwezi, ponyamukira pake ku Florida, ndiye mu 1969 chombo chopita ku mwezi cha Apollo 11 chinanyamukadi ku Florida komweko, anthu atatunso, ukamva choncho umangoti eee mkuluyu anali mlosi ndithu. Koma dikirani kaye, iyeyo anthu akewo anawalowetsa m'chipolopolo chachikulu n'kuwaombera ndi chimzinga, zoti zikanachitikadi onse akanaphwanyika pomwepo asanaone n'komwe mitambo. Mbali imeneyo anthu sakonda kuitchula.

Filimu ya Back to the Future Part II ya 1989 inatilonjeza kuti pofika 2015 magalimoto azidzauluka. 2015 inabwera n'kudutsa, ife tikadali pansi pompano kuimbirana mahutala. Chimene chimandiseketsa kwambiri n'choti mufilimu momwemo munthu akuchotsedwa ntchito kudzera pa fax, mapepala akutuluka mbwee nyumba yonse. Fax abale, mu 2015!

Ine ndimaona ngati olembawa makina amatha kuwalota, chimawavuta ndi khalidwe lathu. Pulogalamu ya pa TV ya Star Trek ya 1966 inali kale ndi kachipangizo kam'manja kolankhulirana, kotsegula ngati mafoni aja opinda, koma simuonamo munthu atakhala pagulu la anzake maso ali tong'oo pa sikirini, chala chikungoseseleka, akumuitana katatu osamva.