Loweruka la Umuganda ku Kigali

Chinthu choyamba chimene ndinasiya pabwalo la ndege ku Kigali chinali jumbo yomwe ndinakulungamo nsapato. Mayi wa pachipata sanakalipe, anangotambasula dzanja, ine n'kupereka. Dziko la Rwanda linaletsa majumbo apulasitiki mu 2008, ndipo lamuloli silisankha nkhope. Wakabaza wa njinga yamoto amene ananditengera ku Nyamirambo naye anakana kuliza njinga mpaka nditamanga lamba wa chipewa chotetezera mutu. Njira yonse maso anga anali m'ngalande, kusaka ngakhale khoko la nthochi. Sindinalione.

Ulendowu ndinaukonzera dala kuti ukumane ndi Umuganda, ntchito ya m'mudzi imene imachitika Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse. Kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa mashopu amatsekedwa, magalimoto amaima, ndipo aliyense wa zaka 18 mpaka 65 amayenera kutuluka ndi khasu, fosholo kapena tsache. Wojomba popanda chifukwa amalipa chindapusa. Ine anandipatsa fosholo, ndipo ndinakokolola matope m'ngalande limodzi ndi bambo wina amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi bwana kubanki. Titamaliza tinakhala pansi pa mtengo, mkulu wa dera n'kumamva madandaulo a anthu. Ndinachita nsanje, sindibisa. Kwathu tinakhazikitsa tsiku losesa mu 2020, koma taonani zinyalala zomwe zaunjikana mumtsinje wa Lilongwe kumunsi kwa msika.

Tsiku lina ndinapita kumanda achikumbutso a ku Gisozi, kumene kunaikidwa anthu oposa 250,000 mwa amene anaphedwa mu 1994 pa chiwembu chofuna kupulula mtundu wa Atutsi. Ukatuluka kumeneko umamvetsa chifukwa chake anthu ambiri amakakamira Paul Kagame, yemwe wakhala pulezidenti kuyambira 2000. Amene anaona mitembo m'misewu bata amaligwira ndi manja awiri.

Madzulo ake ndinali kumwa tiyi wamkaka ndi mnyamata amene ankandiperekeza. Tinacheza bwino za mitengo ya zinthu kumsika wa Kimironko. Kenaka ndinamufunsa kuti zimatheka bwanji munthu mmodzi kupeza mavoti 99 pa 100 alionse, monga anachitira Kagame pa chisankho cha 2024. Anacheuka kumanja, n'kucheuka kumanzere, n'kunena chapansipansi kuti: “Achimwene, tiyeni tikambe za mpira.”

Kucheuka kumeneko ndimakudziwa. Ndi momwe bambo anga ankachitira mu 1983, titamva kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa “ngozi” ku Mwanza. Ndinakula nthawi ya Kamuzu, tikuloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pa Sabata ya Achinyamata tinkaumba njerwa ndi kulambula misewu, ndipo Blantyre inkawala. Komanso mayi anga anabwezedwapo pachipata cha msika ndi dengu lawo la tomato chifukwa analibe khadi lachipani. Anthu akamati kale kunali mwambo, ine ndimakumbukira zonse ziwiri, tsache ndi denguro.

N'chifukwa chake sindivomera kuti chimene chasesa Kigali ndi mantha. Ndinaona ndi maso anga galimoto yotola zinyalala ikubwera tsiku lake, amayi olembedwa ntchito akusesa msewu mbandakucha, bwana akugwira fosholo ngati wina aliyense. Zimenezi zimafuna boma losabweza mawu ake. Kutsekera Victoire Ingabire, mayi wandale wotsutsa boma, m'ndende kuyambira 2010 mpaka 2018 sikunatole jumbo ngakhale imodzi. Ndipo ndinadzifunsa kuti mavenda a m'misewu ali kuti, poti mumzinda uliwonse wa mu Africa muno osauka amagulitsa malonda m'manja. Mabungwe oona za ufulu wa anthu akhala akunena kuti ambiri amatoledwa n'kukatsekeredwa ku Gikondo.

Nditabwerako ndinakwera minibasi yodutsa mumsewu wa Paul Kagame ku Lilongwe. Bambo wina anamaliza kudya chimanga chootcha, n'kuponya chitsononkho pawindo, kenaka akupukuta pakamwa anati: “Dziko lino likufunika Kagame basi.” Minibasi yonse inayamba kutsutsana mokweza, ena akunyoza boma, ena akuliikira kumbuyo, kondakitala nayenso n'kuponyamo ake. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi mpaka tinafika kudepoti. Panalibe amene anacheuka.