Loweruka pa Constitution Hill: mzukwa wa Daisy ndi ndende ya Number Four

Lero gulu la akumudzi okhala ku Rosettenville, Turffontein ndi Yeoville linakwera kamtunda ka Constitution Hill, malo a ndende zakale za ku Johannesburg, pa 11 Kotze Street ku Braamfontein. Ochokera ku Park Station anayenda wapansi, pafupi ndithu koma ndi chitunda. Ofika masana anaphonya zambiri, chifukwa dzinja lino mvula ya mabingu ya ku Joni imakonda kugwa dzuwa likapendeka, ndipo pamwamba pa linga palibe pousa.

Chinakoka anthu ndi mzukwa wa Daisy de Melker. Mayiyu anali namwino. Mwamuna wake woyamba, William Cowle, anamwalira mu 1923, wachiwiri, Robert Sproat, mu 1927, onse atangodwala mwadzidzidzi, chuma n'kutsala m'manja mwake. Mu 1932 mwana wake Rhodes, mnyamata wa zaka 20, anamwalira atamwa khofi wa m'fulasiki yemwe anapita naye kuntchito. Mitembo itafukulidwa, mwa amunawo munapezeka poizoni wa strychnine, mwa mwanayo wa arsenic. Pa imfa za amuna awiriwo umboni unaperewera. Chinamugwetsa ndi buku la m'sitolo ya mankhwala: anagula arsenic ponena kuti akufuna kupha mphaka wodwala, nasaina dzina lake lakale la Sproat, ndipo wogulitsayo anadzamuzindikira pachithunzi cha m'nyuzipepala.

Mlandu uli mkati ankamusunga m'ndende ya akazi pakamtunda pomwepa. Mayi wina wa m'gululi anafunsa wotiperekeza kuti, "Achimwene, ndiye anamupachikira chipinda chiti?" Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Daisy sanafere pano. Anamunyonga ku Pretoria pa 30 December 1932. Komabe amati amaoneka m'ndende ya akaziyi, ena amati ku wodi 7 ya chipatala chakale cha ana chapafupi pompa, enanso ku nyumba ina ku Turffontein. Kwathu mzukwa umadziwa manda ake, koma uwu ukuoneka kuti umakwera takisi.

Za mapazi omveka popanda munthu zili ndi chifukwa chake. Pakati pa ndende ya akazi pali bwalo lozungulira la denga lalitali, makonde a zipinda n'kumatulukira m'mbali monse, kuti woyang'anira mmodzi aziona onse. Nsapato ikagunda kukhonde lina, phokoso limazungulira n'kumvekera kumbuyo kwanu. Onjezanipo mphepo ya pamtunda ndi zitseko zachitsulo, mzukwa wakwana.

Kuti mbiri imveke bwino, yambirani ku Old Fort. Boma la Mabunu la Paul Kruger linamanga ndende pano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Jameson, mtsogoleri wa gulu lankhondo la Angelezi, atalephera kulanda boma mu January 1896, Mabunuwo anaunjika linga ladothi kuzungulira ndendeyo mpaka 1899, cholinga chili choyang'anira tauni ya m'munsimu, yodzaza ndi alendo obwerera golide. Angelezi analanda Johannesburg pa 31 May 1900, malowa n'kubwereranso kukhala ndende, ya azungu okhaokha. Komabe Nelson Mandela, ngakhale anali wakuda, anamusunga kuchipatala cha mbali imeneyi mu 1962.

Kenaka tsikirani ku Number Four, ndende ya amuna akuda yoyambira m'zaka zoyamba za m'ma 1900. Kuno n'kumene gulu linasiya nthabwala. Anaimangira anthu osakwana 1,000, koma nthawi zina inkasunga oposa 2,000, ambiri mlandu wake uli wa pasi chabe, chiphaso chomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho. Pabwalo pali zimbudzi zopanda zitseko zoyang'anizana ndi podyera. Pomwepo ankavinitsa tauza: mkaidi ali maliseche adumphe, aombe m'manja, atembenuke, awerame, kuti asilikali aone ngati wabisa kanthu. Kumapeto kuli tizipinda ta Emakhulukhuthu, totsekera munthu yekha, ndipo pazitseko zake pakuonekabe zomwe akaidi anazokota. Gandhi anagonamo mu Number Four mu 1908, Robert Sobukwe mu 1960. Chodabwitsa n'chakuti mayi mmodzi wofera ku Pretoria ndiye watenga nthano zonse za mizukwa, pomwe anthu zikwizikwi amene anazunzikira pabwalo ili sawawerengera m'nthanozo.

Ndende inatsekedwa mu 1983, malowa n'kukhala bwinja zaka zingapo. Khoti la Malamulo a Dziko linatsegulidwa pano pa 21 March 2004. Pomanga anagwetsa nyumba ya oyembekezera milandu, momwe munasungidwa ambiri mwa anthu 156 a mlandu woukira boma wa 1956, nasiyako makwerero ake okha. Njerwa zake zinalowa m'khoma la chipinda choweruzira ndi m'makwerero a Great African Steps, odutsa pakati pa khotilo ndi khoma la Number Four. Pofuna kuzizindikira, yang'anani njerwa zofiira zosakulungiza, zina zikadali ndi zipsera za pulasitala wakale.

Ochedwa aja anathera m'khonde la khotilo kudikira kuti mvula ikate. Potuluka, olowera ku Hillbrow anakumbutsana kuti foni ikhale m'thumba mpaka atakwera takisi.