Chiyambi cha Kusonkhanitsa Kwanga Ndalama Zachitsulo

Ndinayamba ntchitoyi nditapeza kobiri lokhala ndi bowo pakati m'chitini cha malemu agogo anga ku Chinamwali. Linali la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi chithunzi cha njovu ziwiri, ndipo chifukwa chosadziwa ndinalikwecha ndi phulusa mpaka linawala. Mpaka lero mtima umandipweteka, pakuti kukwecha kumachotsa khungu limene zaka zinayika pa chitsulocho, ndipo mtengo wake umatsika.

Nditatsimikiza mtima, ndinasankha kuyamba ndi ndalama zathu zokha: za m'chaka cha 1964, monga sheleni yokhala ndi zisononkho za chimanga, kenako matambala amene anabwera mu 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Kusankha malire otere kunandithandiza kuti ndisamangogula chilichonse chimene ndachiwona mumsika wa Zomba.

Ndalama iliyonse ndimayigwira m'mbali, ndimayisunga m'kaenvelopu kakekake, ndipo m'kope ndimalemba chaka chake ndi kumene ndinayipeza. Chinyezi cha pansi pa phiri lathuli chimadetsa mkuwa msanga, choncho bokosi langa silikhala pansi kapena pafupi ndi khoma m'nyengo ya dzinja.